NKHOKWE YA DZIKO SIPASULIDWA CIFUKWA CA PHOKOSO LA KUMOWA

M'komboni ya Linda, monganso ku Kanyama, Chawama ndi George mu mzinda wa Lusaka, muli anthu ena amene akufalitsa ciphunzitso coopsya. Iwo akamva pa wailesi kuti ndalama zakunja zimene banki yaikulu ya dziko, Bank of Zambia, yasunga zaculuka, afunsa monyoza kuti kodi madola adyedwa. Akuti Boma litulutse ndalamazo, ligawire anthu kapena litsitsire mtengo wa unga. Mau amenewa atsekemera m'khutu la munthu amene wagona ndi njala, ndipo ayamba kufika kumidzi pamodzi ndi anthu opita kukaceza kwao. Koma ndi mau opanda nzeru, ndipo ayenera kutsutsidwa poyera asanamere mizu.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke safunika kuphunzitsidwa za nkhokwe. Iye adziwa kuti cimanga ca m'nkhokwe sicipimidwa ndi maso, cipimidwa ndi miyezi imene banja lidzadya mpaka dzinthu za caka cina zitaca. Ndalama zakunja zosungidwa ndi cimodzimodzi. Kwacha igula zinthu muno m'Zambia mokha. Mafuta a galimoto, mankhwala ambiri a m'zipatala, feteleza wambiri ndi zitsulo za makina zicokera kunja, ndipo eni ace afuna madola. Cifukwa cace akatswiri a zacuma awerenga nkhokwe ya dziko mwa miyezi: ngati dziko litaleka kugulitsa kanthu kalikonse kunja, lingathe kugula zofunika zace kwa miyezi ingati? Dziko limene liribe zokwanira miyezi itatu liri pangozi.

Pakutha pa caka ca 2024 nkhokweyo inali ndi madola pafupifupi 4.3 biliyoni, okwanira miyezi yoposa inai. Kalembera wa anthu wa mu 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'dziko muno. Atagawana ndalamazo, munthu aliyense angalandire madola pafupifupi 220 basi, ndipo angalandire kamodzi kokha. Pakutha pa miyezi yowerengeka ndalamayo yatha, ndipo mapaipi a Tazama ocokera ku Dar es Salaam auma popeza palibe colipirira mafuta. Kodi tsiku limenelo cimanga cidzafika bwanji ku cigayo? Kodi unga wochipa umene anthuwa alonjeza udzanyamulidwa pamutu kucokera ku Chipata?

Mbiri ya dziko lino yayankha kale mafunsowa, ndipo inayankha ndi mwazi. Zaka zoyamba za ufulu mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo unali kubweretsa ndalama zoposa magawo 9 mwa magawo 10 a zonse zimene Zambia inali kupeza kunja. Mu 1969, ku Matero, Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 mwa 100 a migodi. Koma cakudza siciyimba ng'oma. Mu 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedwa ndipo mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse lapansi. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Nkhokwe inaphwa, dziko linayamba kukongola, ndipo akuluakulu a ku Linda akumbukira bwino mizere ya sopo, saladi ndi shuga imene anali kuima kuyambira mbandakuca.

Mu October 1985 madola ocepa amene analipo anayamba kugulitsidwa mwa mpikisano sabata ndi sabata. Dola imodzi, imene inali pa K2.20, inafika pa K21 m'caka ca 1987. Mu December 1986 mtengo wa unga utakwera, ku Copperbelt kunabuka cipolowe ndipo anthu 15 anafa. Pa 1 May 1987 Boma linasiyana ndi bungwe la IMF, koma kusiyanako sikunadzaze nkhokwe. Mu June 1990 cipolowe ca unga cinafika m'makomboni a Lusaka, ndipo anafa anthu oposa 20. Unga sunakwere cifukwa cakuti nkhokwe inali yodzaza. Unakwera cifukwa nkhokwe inali mbee, ndipo kwacha inalibe cotsamira.

Pali gulu lina limene liyeneranso kudzudzulidwa, la anthu oyimba nthungululu akangomva kuti madola aculuka, osafunsa kumene acokera. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko linapukutiridwa ngongole zambiri mu 2005, koma posakhalitsa linabwerera kwa okongoza: madola 750 miliyoni mu 2012, 1 biliyoni mu 2014, ndi 1.25 biliyoni mu 2015. Nkhokwe inaoneka yonenepa, koma cinali cimanga cobwereka. Nthawi yobweza itakwana, cinatuluka pamodzi ndi ciongoladzanja. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni okha, ndipo pakutha pa cakaco munatsala madola pafupifupi 1.2 biliyoni, osakwanira miyezi itatu.

Kukwera kumene kunatsatira nakonso kufunika kukuona ndi maso awiri. Mu August 2021 IMF inagawira maiko onse cuma cosungira, ndipo gawo la Zambia linali madola pafupifupi 1.3 biliyoni. Mu August 2022 bungwe lomwelo linabvomera ngongole ina ya madola 1.3 biliyoni. Pamwamba pa izi panabwera misonkho imene eni migodi alipira m'madola, ndi golide wa ku Kansanshi amene banki yaikulu inayamba kugula. Misonkho ndi golide ndi thukuta la dziko, koma ngongole ikhalabe ngongole, ndipo amene adzaibweza ndi ana amene lero akusewera m'fumbi la ku Linda.

Caka ca 2024 cinaonetsa nchito yeniyeni ya nkhokwe. Mvula inakana, ndipo mu February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo dziko linafunika kugula magetsi ndi cimanga kwa maiko oyandikana nalo. Zonsezo zinafuna ndalama zakunja. Nkhokwe ikanakhala itagawidwa monga afunira anthu a phokoso, Zambia ikanaima pakhomo pa anzace ndi mbale yopemphera.

Mdani weniweni wa unga wochipa si banki yosunga madola. Ndi nankafumbwe amene adya nkhokwe ali m'kati: wamalonda amene agulitsa katundu wa Zambia kunja nasiya ndalama zace m'mabanki a kutsidya kwa nyanja, wozembetsa unga ndi cimanga usiku pa malire a Kasumbalesa, ndi mkulu wa mu ofesi amene aononga madola pa galimoto zapamwamba ndi maulendo opanda phindu. Anthu a ku Linda ali ndi cifukwa cokwiyira, pakuti umphawi wao ndi woona. Koma mkwiyo wao uloze kwa awa, ndipo afunse atsogoleri ao kuti dola iliyonse yotuluka yagula ciani.

Mkuwa ubweretsabe pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a ndalama zakunja, ndipo mtengo wace upangidwira ku London, osati ku Kitwe. Pamenepa ndi pamene mlimi ali ndi mphamvu. Thumba lililonse la soya, nshawa, thonje kapena fodya logulitsidwa kunja mwa njira yoyenera lilowetsa madola amene safunika kubwezedwa. Botolo lililonse la saladi wofinyidwa ku mpendadzuwa wa m'Zambia lisunga dola imene ikanatuluka. Conco wacibale wocokera ku Lusaka akafika pamudzi ndi nkhani yogawana madola, anthu amtengere ku nkhokwe ya banja, amuuze kuti ayambe wapasula imeneyo mvula isanagwe, aone ngati adzabvomera.