Uthenga wa fodya tiuyeze ndi osiya kusuta

Chaka chilichonse pa 31 May, tsiku lokumbutsana za kuipa kwa fodya padziko lonse, mawayilesi amadzaza ndi machenjezo ndipo akuluakulu amayankhula mokoma. Kukacha pa 1 June kumangoti zii. Funso limene sitimva likufunsidwa ndi ili: kodi ndi angati adataya ndudu chifukwa cha uthengawo?

Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, mochedwa kuposa maiko ambiri, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa tonse: fodya ndiye watidyetsa ndalama zakunja kwa zaka zambiri. Panganoli likufuna kuti boma lizichenjeza anthu ake. Tsono ndalama zikamalowa m'makampeni, tisakhutire ndi kuwerenga kuti uthenga waulutsidwa kangati.

Ku America, mu 2012, bungwe la CDC lidaonetsa pa kanema anthu enieni amene fodya adawadulitsa miyendo kapena kuwaboolesa pakhosi. Ofufuza atalondola, adapeza kuti anthu pafupifupi 1.6 miliyoni adayesa kusiya ndipo oposa 100,000 adasiyiratu. Chinsinsi sichidali mantha okha ayi. Uthengawo unkatha ndi kuuza wosuta kokapeza thandizo, kuphatikizapo nambala ya foni yaulere.

Phunziro lomweli lili pafupi, ku Chiradzulu. Anthu adamva za Edzi pawayilesi kwa zaka, koma mitima idatembenuka pamene bungwe la MSF lidayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001, kenaka n'kuwafikitsa m'zipatala zing'onozing'ono. Munthu amadzuka akaona khomo lolowera.

Nanga lero bambo wa ku Mbulumbuzi kapena ku Namitambo akamva kuti fodya amayambitsa khansa ndiponso amakulitsa TB, agogode pati? Chingambwe sichikhala ndi paketi yolembapo chenjezo. Wogula ndudu imodzi pa okala paketiyo saiona n'komwe. Agogo ofwenkha fodya wa mphuno sadziwerengera m'gulu la osuta. Msodzi wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, amene amati utsi umamuchotsa tulo ndi chisanu panyanja, uthenga womuyankhula iye, m'Chiyao kapena m'Chichewa cha padooko, sitinaumve.

Pakati pathu Asilamu pali mwayi umene okonza makampeni amaudumpha. M'mwezi wa Ramadhan wosuta amakhala maola oposa 12 tsiku lililonse osakhudza fodya, kwa masiku 29 kapena 30, popanda womulondera. Chimene chimamugwetsa ndi ndudu ya pambuyo pa futari.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo, Muslim Association of Malawi ndi Radio Islam kuti kampeni yotsatira aiike m'mwezi umenewu. Masheikh ainene pa khutuba ya Lachisanu, ndipo mzikiti uliwonse udziwe mlangizi wa zaumoyo wotumizako ofuna kusiya. Ayambire boma limodzi, ngakhale Chiradzulu yemweyo. Awerenge osuta mwezi usanaoneke, adzawerengenso patatha miyezi 6 chichitikire Eid, ndipo chiwerengerocho adzatiuze ngakhale chitakhala chochititsa manyazi.