Kodi titsegule khomo la broker kapena tidutsire pa VPN?

Kampani ikaika broker monga RabbitMQ, Kafka kapena Mosquitto pa seva yake, zinthu zimayenda bwino malinga mapulogalamu onse ali pa netiweki imodzi. Broker amalandira uthenga n'kuusunga mpaka mwini wake atabwera kudzautenga. Mutu umayamba kuwawa nthambi ya mumzinda wina, kapena kachipangizo koyeza madzi kumunda, kakafuna kulumikizana naye. Adiresi yoyamba ndi 192.168 kapena 10 siidziwika pa intaneti, ndiye wakunja alowera pati?

Ambiri amathamangira kutsegula poti pa rauta, 5672 ya RabbitMQ kapena 1883 ya MQTT. Tisawanyoze, ali ndi mfundo. MQTT idapangidwa mu 1999 ndi Andy Stanford-Clark ndi Arlen Nipper kuti izinyamula mauthenga a mapaipi a mafuta kudzera pa setilaiti, kotero kulankhula ndi zipangizo zakutali ndiyo ntchito yake. Tizipangizo tambiri toyendera batire sitingasenze VPN. Kwa itoto, poti 8883 yokhala ndi TLS, chipangizo chilichonse ndi satifiketi yakeyake, ndi njira yomveka.

Koma khomo lotsegulira mnzako limaonedwanso ndi wakuba. Shodan imasakatula intaneti usana ndi usiku n'kulemba mapoti otseguka, ndipo aliyense angathe kuwerenga. Mu Okutobala 2023 kudapezeka chibowo mu Apache ActiveMQ chomwe chinkalola munthu wofika pa poti 61616 kulamula seva popanda pasiwedi, ndipo akuba otseka mafayilo n'kufuna dipo sadachedwe kuchigwiritsa ntchito. Amene broker wawo adali mkati mwa netiweki adakhala ndi mpata wokonza mosathamanga. Ngakhale opanga mapulogalamuwa akuopa: kuyambira 2014 RabbitMQ salola akaunti ya guest kulowa kuchokera pa kompyuta ina, ndipo Mosquitto 2.0 ya mu 2020 imangomvera kompyuta yomwe yaikidwapo mpaka mwini atasintha dala.

VPN monga WireGuard nayo ili ndi mtolo wake. Makiyi amafuna wowayang'anira, wantchito akachoka achotsedwe, ndipo mukapanda kuika malire, laputopu imodzi yobedwa imafika paliponse mu netiweki. Pa Kafka palinso msampha wina: broker amauza wolumikizana naye adiresi yoti abwererepo. Ngati mu advertised.listeners mwalembedwa adiresi yamkati yomwe wolumikizanayo sangaifikire, moni woyamba amadutsa koma mauthenga sayenda. Apa ndi pomwe olowa kuchokera kunja amakhala usiku wonse akuimba mlandu rauta yosalakwa.

Ine ndikuti tisiyanitse olowa. Antchito ndi maseva a kunthambi adutsire pa VPN yofika kwa broker yekha. Zipangizo zakutali zipatsidwe broker wina woima panja, yemwe azipereka mauthenga kwa wamkati. Ndipo tsamba loyendetsera RabbitMQ la pa poti 15672 musaliike pa intaneti ngakhale kwa ola limodzi.