Ulendo wa ku Pluto Uonetsa Kuti Sayansi Ifuna Utsogoleri Wokhazikika

Pa 14 July 2015, combo ca m'mlengalenga cochedwa New Horizons cinadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12,500 kucokera pa Pluto. Combo cimeneci, momwe munalibe munthu, cinali pa liwiro la makilomita 14 pa sekondi ndipo sicikanatha kuima. Pambuyo pa ulendo wa zaka 9 ndi theka, cinali ndi maola ocepa cabe ojambula zithunzi capafupi.

Pluto, imene a Clyde Tombaugh anaitulukira mu 1930, inali kuoneka ngati kadontho kowala ngakhale pa makina amphamvu oonera kutali. Zithunzi za New Horizons zinaonetsa cigwa cacikulu ca mpweya wa nitrogen woundana ndi mapiri a madzi oundana otalika mamita 3,500. Uthenga uliwonse unali kutenga maola 4 ndi theka kuti ufike pa dziko lapansi, ndipo zonse zimene combo cinajambula zinatha kufika mu October 2016.

Ambiri amene anakondwera ndi zithunzizo sanadziwe kuti ulendowu unatsala pang'ono kulephereka. Mu 2000, bungwe la NASA la ku America linaimitsa pologalamu yoyamba yopita ku Pluto cifukwa ca kukwera kwa mtengo wake. New Horizons inasankhidwa mu November 2001, koma mu 2002 boma la a George W. Bush silinaiike m'ndondomeko yake ya ndalama. Inapulumuka cifukwa akatswiri a sayansi anaiika patsogolo pa mndandanda wa nchito zofunika, ndiponso cifukwa Nyumba ya Malamulo inaipatsa ndalama. Amene analimbikira kwambiri ndi mai Barbara Mikulski, phungu wa cigawo ca Maryland, kumene combo cinapangidwira.

Nthawi inali yofunika kwambiri. Combo cinanyamuka ku Cape Canaveral pa 19 January 2006, ndipo pa 28 February 2007 cinadutsa pafupi ndi Jupiter, imene mphamvu yake yokoka inacionjezera liwiro ndi kufupikitsa ulendo ndi zaka pafupifupi zitatu. Kukanakhala kuti andale anazengereza kwa zaka zina, mwai umenewo ukanapita.

Mkangano womwewo unabukanso mu May 2025. Boma la a Donald Trump linapempha kuti ndalama za NASA zicepetsedwe kucoka pa madola 24.8 biliyoni kufika pa 18.8 biliyoni, ndipo za sayansi zicoke pa 7.3 biliyoni kufika pa 3.9 biliyoni. Pakati pa nchito zimene linafuna kutseka panali New Horizons, imene mu April 2021 inali itafika kale pa mtunda wowirikiza ka 50 wa pakati pa dzuwa ndi dziko lapansi, komanso Juno, combo cimene cinafika ku Jupiter mu 2016. Boma linakamba kuti lifuna kuika mtima pa kutumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars dziko la China lisanatero.

Panthawi yovuta imeneyi, NASA inalibe mkulu wokhazikika. A Bill Nelson atacoka mu January 2025, mai Janet Petro anagwirizira udindowo. Kumapeto kwa May, a Trump anacotsa dzina la a Jared Isaacman, amene iwo eni anawasankha, ndipo mu July anaika nduna ya za mtengatenga, a Sean Duffy, kuti agwirizire. A Isaacman anasankhidwanso mu November ndi kuvomerezedwa mu December. M'caka comweco, anchito pafupifupi 4,000 anavomera kusiya nchito.

Mu January 2026, aphungu a zipani zonse ziwiri anakana kucepetsa kwakukuluko ndipo anapatsa NASA madola 24.4 biliyoni. Monga mu 2002, Nyumba ya Malamulo ndiyo inapulumutsa zinthu. Koma ndalama zimenezi zimavomerezedwa caka ndi caka, pamene combo copita kutali cimafuna zaka 15 kapena 20 kucokera pa kucikonza mpaka kufika kumene cipita. New Horizons inasankhidwa ndi kunyamuka m'nthawi ya a Bush, inafika ku Pluto m'nthawi ya a Barack Obama, ndipo pa 1 January 2019, m'nthawi ya a Trump, inadutsa pafupi ndi cinthu cina cakutali cochedwa Arrokoth. Katswiri akasiya nchito amapita ndi luso la zaka zambiri, ndipo combo cikazimitsidwa kutali koteroko palibe cina cimene cingalowe m'malo mwake msanga.

Maiko ena sakudikira. Bungwe la maiko a ku Ulaya linatumiza combo ca Juice ku Jupiter mu April 2023, ndipo China inatumiza Tianwen-2 mu May 2025. Pulaneti ya Uranus inafikiridwa kamodzi cabe, ndi Voyager 2 mu 1986, ndipo mu 2022 akatswiri a ku America anapempha kuti ndiyo ikhale nchito yaikulu yotsatira. Ulendo wa kumeneko umatenga zaka zoposa 10. Ngati atsogoleri a lero sapereka ndalama zake, kusowa kwa zithunzi za Uranus kudzaoneka m'zaka za m'ma 2040, iwo atacoka kale pa maudindo.