Mwana wa pa Chia asasankhe sukulu mumdima

Omvera athu, nkhani mukuidziwa kale: zotsatira za MSCE zikatuluka, bungwe la NCHE limaitana amene akhoza kuti afunsire malo m'mayunivesite aboma, ndipo chaka chilichonse oyenera amachuluka kuposa malo. Za kuchepa kwa malo tazikamba mpaka kukhosi kuuma. Lero ndikufuna tikambe za ana amene amataya mwayi wawo pa tsiku lolemba fomu, mayeso atakhoza bwinobwino, chifukwa palibe amene anawauza kasankhidwe ka maphunziro. Zimenezi zikundidya mumtima, makamaka ndikaganiza za ana a pa Chia kuno ku Nkhotakota.

Taganizirani za mtsikana amene mayi ake amagulitsa chambo pa mlatho wa Chia, kuthamangira minibasi iliyonse yoima pa msewu wa M5. Mtsikanayu waphunzira pa sekondale yoyendera, wawerenga ndi tochi usiku, m'mawa n'kukathandiza kupala nsomba. Wabwera ndi mapointi 18. Pamudzi nthungululu, mayi ake misozi. Tsopano ikwana nthawi yofunsira malo. Foni ya kunyumba ndi ya mabatani, ya mnansi ilibe bandulo, netiweki nayo ikubwera n'kuthawa. Mayi aja atapa pa mpamba wa nsomba, amupatsa ya thiransipoti kuti apite ku Boma. Kumeneko apeza mnyamata wa kompyuta, kumbuyo kwake kuli mzere wa anzake. Mnyamatayo afunsa, “Ndikulembereni kosi yanji, achemwali?” Iye ayankha, “Zimene akulemba anzangazo.” Ndiye zala pa kompyuta: udokotala, zamalamulo, uinjiniya. Mphindi khumi zokha, nkhani yatha. Zaka zinayi za thukuta zagamulidwa ndi munthu amene cholinga chake n'chakuti mzere uyende.

Mnyamata wa kompyutayo sindikumuda, iye ndi wa bizinesi. Funso langa ndi lakuti, mwanayu pofika pa mzerewo, bwanji anali asanamvepo kuti makosi atatu amenewa ndi amene amalimbiranidwa ndi ana a mapointi otsika kwambiri m'dziko muno? Ndani anayenera kumuuza?

Ana inu, tcherani khutu, pano ndikuphunzitseni pang'ono. Makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, amangokufikitsani pakhomo. Kuti mulowe, kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Uinjiniya umafuna Masamu ndi Fizikisi zamphamvu. Zachipatala zimayang'ana Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi okongola chifukwa cha Chichewa, Jogalafe ndi Baibulo, koma akalemba uinjiniya Masamu ake ali ofooka, malo amenewo wangowataya. Ndipo mukumbukire kuti kuyambira mu 2020 boma linathetsa ndondomeko ya kota, ija yogawa malo potengera boma limene munthu akuchokera. Mwana wa pa Chia lero akupikisana maso ndi maso ndi mwana wa ku Dedza Secondary, wa ku Lilongwe Girls ndi wa ku Blantyre Secondary. Ana amenewo ali ndi labotale, ali ndi laibulale, ndipo koposa zonse ali ndi aphunzitsi ndi achibale amene anadutsamo m'mayunivesitemo, owauza kuti apa pothina, apa potakasuka.

Za kota sindikuzidzutsa. Ndikunena kuti ngati tagwirizana kuti aliyense alowe ndi mphamvu zake, ndiye malamulo a mpikisanowo adziwike kwa aliyense mofanana. Mwana amene sakudziwa kuti mayunivesite aboma alipo angati, tingati akupikisana mwachilungamo? Funsani ana a Fomu 4 a m'midzi yathu ino. Ena akuuzani za Chanco ndi Poly basi, mayina amene anamva kwa aphunzitsi awo, osadziwa kuti mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, ndi KUHeS ya zaumoyo. Onjezani Mzuni ku Mzuzu, LUANAR ku Bunda, ndi MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014. Onse pamodzi ndi asanu ndi imodzi, ndipo m'kati mwake muli makosi ambirimbiri amene mwana wa pa Chia sanamvepo ngakhale dzina lake.

Koma pamudzi alangizi sasowa. Kukangomveka kuti mwana wakhoza, amalume amafika ndi njinga yawo, kukhala pa mpando wandalema, n'kugamula: “Ameneyu ndi dokotala, nkhani yatha.” Azakhali nawo akuti, “Iyayi, pakamwa pakepo ndi pa loya, simumumva akamakangana ndi alongo ake?” Abambo akuti akhale wa ku banki chifukwa amaoneka bwino ndi tayi. Onsewa amamukonda mwanayo, n'zoona, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti Kemisitiri anapeza bwanji. Mwana ali chete pa mkeka, akuopa kutsutsa akuluakulu.

Tsono yesani kuwauza kuti kuli digiri ya zansomba. Kuseka kwake! “Nsomba? Zomwezi tikupala tsiku ndi tsikuzi? Mwana apite ku yunivesite kukaphunzira usipa?” Makolo anga, sekani, koma mukatha mundimvere. Ku LUANAR kuli maphunziro a ulimi wa nsomba ndi kasamalidwe ka nsomba za m'nyanja. Ku Mzuni nakonso alipo. Ku Mpwepwe, ku Mangochi, kuli koleji ya boma ya zausodzi. Anthu aja amabwera pa galimoto kudzayeza madzi a m'nyanja ya Chia, kudzakhala nanu pansi kukambirana za malo oswanirana chambo ndi nyengo yotseka usodzi, anaphunzira zimenezi ndipo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Mwina ena mwa iwo anayamba kusiyanitsa kampango ndi mlamba ali kale ku koleji. Mwana wanu anazidziwa asanayambe Sitandade 1. Mukamadandaula kuti chambo chachepa, matope akudzaza m'nyanja, maukonde a udzudzu akukokolola ana a nsomba, mukufuna adzakonze ndani ngati ana a pano mukuwaletsa kuphunzira za nyanja yawo?

Chimodzimodzi mpunga. Boma lino lili ndi sikimu ya mthirira ku Bua, lili ndi minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga ku Dwangwa, lili ndi nkhalango ya nyama zakutchire kumene anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Malo onsewa amafuna akatswiri a mthirira, a nthaka, a nkhalango, a zokopa alendo. Makosi amenewa alipo ku LUANAR ndi ku Mzuni. Ndani anayamba waimirira kutsogolo kwa kalasi pa Chia n'kuwauza ana zimenezi?

Msodzi wanzeru satchera matchera ake onse pamalo amodzi pamene mabwato onse athamangira. Ena amatchera pamene mtima wake ukufuna, ena pamene akudziwa kuti sabwerako chimanjamanja. Fomu ija ndi chimodzimodzi. Mwanawe, pamwamba lemba kosi imene ukuilakalaka ngati maphunziro ake unakhoza bwino, palibe akuletsa kulota. Koma m'malo otsalawo ikamo makosi amene mphamvu zako zikufikapo, m'mayunivesite osiyanasiyana. Werenga zofunika pa kosi iliyonse usanaitchule. Fomuyo ukhale nayo pansi ndi mphunzitsi, ulembe kaye pa pepala, ndipo popita kwa wa kompyuta upite ndi pepalalo m'manja, iye angokopera. Akamaliza uwerenge wekha asanatumize, uonenso dzina lako ndi nambala yako ya mayeso. Safunsa anadya phula.

Ndipo dzina lako likapanda kutuluka, usakagone m'nyumba miyezi itatu ngati kwagwa maliro. Kuli Nalikule ndi Domasi kophunzitsa aphunzitsi a ku sekondale. Kuli ma TTC, monga ya ku Kasungu, a aphunzitsi a ku pulayimale. Kuli Malawi College of Health Sciences, kuli sukulu za unamwino za mipingo monga ya ku Nkhoma. Kuli Salima Technical College, pafupi pompa, ndi masukulu ena a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kumene munthu amatuluka akudziwa kukonza injini, kuwotcherera zitsulo, kulumikiza magetsi. Injini za maboti zikawonongeka pagombe pano, mumazinyamula kupita nazo kuti? Ambiri mwa masukulu amenewa amalengeza paokha, pa nthawi yawo, ndipo mwana amene akungodikira mndandanda umodzi amapezeka zitseko zina zonse zamutsekekera ali chidikirire.

Makolo amene mukuganiza za mayunivesite omwe si aboma, musanagulitse ng'ombe kapena ukonde, funsani kaye ngati sukuluyo ndi kosiyo n'zovomerezeka ndi NCHE. Pepala losavomerezeka limapweteka kuposa kukhala wopanda pepala, chifukwa ndalama zapita, zaka zapita. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2015 kuli bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'masukulu aukachenjede. Ngongoleyo siikwanira aliyense, koma mwana asasiye kufunsira malo chifukwa choopa fizi asanayese n'komwe.

Tsopano ndibwerere pa dandaulo langa, ndipo ndikulankhula ndi inu akuluakulu a ku unduna wa zamaphunziro, a ku bungwe losankha ophunzira, ndi a ku ofesi ya maphunziro pa Boma. Mudzati zonse zili pa intaneti. Inde, zili pa intaneti. Kodi intanetiyo mwana wa mayi wogulitsa nsomba aipeza ndi foni iti? Mudzati mumayendera masukulu. Tikuthokoza pamene mwafika, koma ulendo umodzi, ana atalemba kale mayeso, ndi mankhwala ofika wodwala atatsirizika. Mwana amasankha maphunziro ake polowa Fomu 3. Amene anasiya Fizikisi tsiku limenelo, mwina chifukwa pasukulu pake panalibe mphunzitsi wake kapena labotale, anatseka yekha khomo la uinjiniya ndi la udokotala osadziwa. Kumuuza ali Fomu 4 n'kumunyogodola. M'mera mpoyamba.

Chimene ndikupempha si chodula. Sindikizani pa pepala, m'mawu osavuta, dzina la kosi iliyonse, yunivesite yake, maphunziro amene imafuna, ntchito imene munthu amagwira akamaliza, ndi mapointi a munthu womaliza amene munamutenga chaka chathachi. Manambala amenewo muli nawo, ndinu amene munasankha. Pepalalo lifike pa sekondale iliyonse yoyendera, limatidwe pa khoma la kalasi ya Fomu 2, likhale pomwepo chaka chonse. Liwerengedwe pa wailesi, kuphatikizapo ya m'dera ya Nkhotakota, m'Chichewa, kuti amalume aja amve nawo ali pa njinga yawo. Mapepala a mayeso mumatha kuwafikitsa pa sukulu iliyonse m'dziko muno, apolisi ali pambuyo, osaphonya ndi imodzi yomwe. Ndiye pepala limodzi louza mwana kumene mayesowo angamufikitse lingakukanikeni bwanji?

Aphunzitsi aakulu, ndikudziwa muli ndi katundu wolemera, aphunzitsi ndi ochepa, makalasi ndi odzaza. Komabe patulani masana amodzi pa teremu, musankhe mphunzitsi mmodzi akhale mlangizi wa zimenezi. Zotsatira zikatuluka, itanani ana anu abwerere pasukulu, mulembe nawo limodzi mafomuwo. Ntchito yanu pa mwanayo siithera pa tsiku lomaliza la mayeso.

Ndi inu ana a pa Chia amene munadutsa, muli m'maofesi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, chonde ndikugwirani mwendo. Mumabwera pa Khirisimasi ndi pa Idi kudzadya kondowole wa chambo, n'kudzaza nsomba m'buti ya galimoto. Pa ulendo wotsatira, fikani tsiku limodzi sukulu zisanatsekere, mukaime pa sukulu imene inakuphunzitsani. Auzeni ana kuti munalemba kosi yanji, inkafuna chiyani, ndipo lero mumagwira ntchito yotani. Siyani nambala yanu ya foni kwa aphunzitsi aakulu kuti nthawi ya mafomu akuimbireni. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mawu anu a ola limodzi akhoza kupulumutsa zaka zinayi za mwana wina.

Malo m'mayunivesite mwathu adzakhala ochepa kwa zaka zingapo zikubwerazi, zimenezo sitingazisinthe lero. Koma kuti mwana wokhoza alephere kulowa chifukwa chosadziwa chimene akusankha, limeneli ndi vuto loti tingalithetse chaka chino chomwe, ndi pepala, wailesi ndi anthu ofuna kuthandiza. Akuluakulu, tiyambe mafomu a chaka chino asanatuluke.

Imeneyo inali ndemanga yathu ya lero.