Tisadikire jakisoni, titeteze mtima lero

Anzanga achinyamata, ma ARV atalikitsa moyo wa makolo ndi abale athu ku Ndirande ndi ku Bangwe. Koma amene ali ndi kachilombo ka HIV ali pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima, makamaka mafuta oipa akachuluka m'magazi.

Mu 2020 maiko a ku Ulaya anavomereza jakisoni wa inclisiran. Amatsekereza uthenga wa jini ya PCSK9 m'chiwindi, ndipo mafutawo amatsika ndi pafupifupi theka. Munthu amabayidwa kawiri pachaka, koma mtengo wake ndi wokwera zedi.

Ine ndikuti tisamudikire. Tichepetse chipisi cha pachiwaya, tisiye fodya, tiziperekeza makolo kukayezetsa BP. Ndipo wina asasiye kumwa ma ARV poopa mafuta. Akafunse kaye kuchipatala.