Luso ndi Chitukuko: Mabuleki Ayambe, Liwiro Pambuyo

M'chaka cha 2019, bungwe la Mobility for Africa lidayamba kubwereketsa njinga za matayala atatu zoyendera magetsi kwa amayi a m'boma la Wedza ku Zimbabwe. Njingazo adazitcha Hamba, mawu a Chindebele otanthauza kuti "pita". Amayiwo ankazibwereka m'magulu n'kumanyamulira zokolola, madzi, nkhuni ngakhalenso odwala. Bungwelo silidasiye udindo wotchaja mabatire m'manja mwa wobwereka aliyense. Batire likatha mphamvu, ankapita nalo kumalo otchajira a mphamvu ya dzuwa n'kukasintha ndi lodzaza. Lidadziwa kuti kupereka njinga n'kosavuta, koma kuisunga ili yamoyo ndiye ntchito.

Njinga zonyamula katundu za magetsi zikamafika m'manja mwa alimi, ogulitsa malonda ndi akabaza, funso limene eni ake amathamangira kufunsa ndi lakuti, "Kodi ingathamange kuposa apa?" Funso loyenera kuyamba nalo ndi lina: kodi itasenza matumba a chimanga pamtsetse, ingaime pamene mwini wake wafuna?

Chisamaliro chimayambira pa batire, popeza ndilo chiwalo chodula kuposa zonse. Mabatire a lithium-ion amakalamba. Opanga ambiri amanena kuti batire likatchajidwa modzaza maulendo 500 mpaka 1,000, mphamvu imene limasunga imatsika moonekeratu. Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Silifunika kutchajidwa pamene kwatentha kupitirira madigiri 45, ndipo ku Chikwawa, ku Tete kapena ku chigwa cha Luangwa, nyumba ya malata imayandikira muyezo umenewu masana a mwezi wa Okutobala. Choncho mwini njinga aziimika pamthunzi, azidikira kuti batire lizizire akafika kuchokera paulendo, ndipo asamalimalize mpaka kuzimiratu. Ngati njinga ikhala milungu ingapo osayenda, batire lisungidwe lili ndi mphamvu yofika theka.

Mtunda umene njinga ingayende umadziwika ndi masamu osavuta. Batire la ma volt 48 ndi ma amp-hour 15 limasunga ma watt-hour 720. Ngati njinga yolemedwa ikudya ma watt-hour 20 pa kilomita, ndiye kuti iyenda makilomita 36. Matayala opanda mpweya wokwanira, mabuleki okhula ndi tcheni chouma zimaba ena mwa makilomita amenewa. N'chifukwa chake pampu ndi kabotolo ka oyilo zimawonjezera mtunda pamtengo wotsika kuposa batire lachiwiri.

Ziwalo zotsalazo zimatha molingana ndi malo amene mota ili. Mota ikakhala pakati, pa mapedalo, mphamvu yake yonse imadzera m'tcheni, motero tcheni ndi mano a magiya zimadyeka msanga. Tcheni chikatanuka ndi 0.75 peresenti chisinthidwe, apo ayi chimadya mano onse ndipo mwini amagula zinthu zitatu m'malo mwa chimodzi. Mota ikakhala m'kati mwa tayala, ovutika ndi masipoko. Sipoko imodzi ikamasuka, zinzake zimasenza katundu wake mpaka kuyamba kuthyoka motsatana. Kuwagwiragwira sabata iliyonse kumapulumutsa limu. Fumbi lipukutidwe ndi nsalu yonyowa pang'ono; kupopera madzi mwamphamvu kumalowetsa chinyontho m'mawaya ndi m'mota.

Nanga wofuna kuikweza njinga yake ayambire pati? Ayambire pa mabuleki. Mphamvu imene mabuleki amalimbana nayo imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo. Njinga ikachoka pa makilomita 25 pa ola kufika pa 35, ntchito ya mabuleki imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, katundu ali yemweyo. Mabuleki a disiki yokulirapo, makamaka oyendera mafuta, amagwira bwino ngakhale pa mvula. Pambuyo pake pabwere matayala olimba ndi masipoko okhuthala, sitandi ya miyendo iwiri yoti njinga isagwe popakira, ndi nyali zowala. Katundu akhale pansi ndiponso pakati, ndipo asapitirire kulemera kumene wopanga adalemba.

Mota yamphamvu ikhale yomalizira, ngati ikufunikadi. Mayiko a European Union amawerenga njinga ya magetsi ya matayala awiri ngati njinga wamba pokhapokha mota yake isapitirire ma watt 250 ndipo izisiya kuthandiza pa makilomita 25 pa ola. Felemu ndi mabuleki a njinga zambiri zogulidwa kumeneko adapangidwa poganizira malire amenewa. Kumasula kabokosi kotchedwa controller kuti njinga ithamange kumatenthetsa mota, kumakamula batire, ndipo kumafafaniza chitsimikizo cha wogulitsa.

Choopsa kuposa zonse ndi kusakaniza mabatire ndi matchaja. Mu 2023, moto woyambira ku mabatire a lithium-ion udapha anthu 18 mumzinda wa New York, ndipo chaka chomwecho mzindawo udaletsa kugulitsa njinga za magetsi ndi mabatire osayesedwa pa miyezo ya chitetezo. Tchaja ikhale yake ya batirelo. Batire lotupa, losweka kapena lomizidwa m'madzi lisagwiritsidwenso ntchito, ndipo kutchaja kusamachitikire pakhomo lotulukira kapena m'chipinda chimene anthu agona.

Pali udindo umene mwini njinga sangausenze yekha. Makaniko wa pansi pa mtengo pamsika amadziwa kuwongola limu ndi kumata chubu, koma mawaya ndi batire zimafuna maphunziro ena ndi kachipangizo koyezera magetsi. Mabungwe obweretsa njingazi ndi sukulu za ntchito zamanja ayenera kuphunzitsa amakaniko amenewa ndi kuonetsetsa kuti zipangizo zosinthira zikupezeka pafupi. Kopanda kutero, njinga yogulidwa pa ngongole idzagona pakhonde chifukwa cha waya mmodzi, pamene ngongoleyo ikupitirira kukula. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Njinga yopindulitsa ndi imene imapita kumsika tsiku lililonse n'kubwerako ndi mwini wake wamoyo.