Njala ya m'mimba ndi njala ya mumtima

Lero tiwerenge 1 Mafumu 19.

Eliya atathawa Yezebeli anagwa pansi pa mtengo m'chipululu, napempha imfa. Mngelo sanamukalipire. Anamupatsa mkate ndi madzi, namusiya agone, kenako anamudyetsanso. Pambuyo pake, ku Horebu, ndi pamene Mulungu anamufunsa za vuto lake. Onani dongosolo: chakudya pa nthawi yake, tulo, kenako kutulutsa za kumtima.

Ife a pamsika timachita mosiyana. Ku Soweto timafika kusanache, chakudya cha m'mawa palibe. Masana tikuti kasitomala angapite. Mutu uli pa kaloba, pa lendi, pa mtengo wa unga, umene unatiliza chilala cha 2024 chitatigwera. Madzulo pa siteshoni ya basi ndi vitumbuwa vinayi, chips, soseji ndi botolo la kozizira. Kufika ku Chelstone kapena ku Kabwata, nsima mitanda itatu, usiku kubwereranso ku mphika ana atagona. Mawa manyazi, nkuyamba kusala kudya ngati kudzilanga. Madzulo zomwe zija.

Ine ndikuti uku si kususuka chabe ayi. Nkhawa ikakhalitsa, thupi limachulukitsa cortisol, ndipo mtima umakokera ku vashuga ndi vamafuta. Kusagona mokwanira kumawonjezera njala. Amene wakhala tsiku lonse osadya saganiza bwino: Esau anagulitsa ukulu wake atabwera ku thengo ali lefu. Ndipo vutoli silisankha, ku Kabulonga ndi ku Woodlands limangosintha mbale.

Manje ena akuthamangira tiyi wochepetsa thupi wa pa Facebook, ena akufunsa jekeseni monga Ozempic, amene anapangidwira odwala shuga. Zimenezo ndi za dokotala, osati za m'chikwama cha munthu. Ngakhale jekeseni atseke njala ya m'mimba, ngongole ili pompo.

Yesani izi sabata ino. Idyani m'mawa, kaya phala la nsinjiro, kandolo kapena dzira. Nyamulani nsawa, nthochi ndi madzi ku sitandi, musafike madzulo mimba ili gwaa. Chilakolako chikabwera, dikirani mphindi 15, mwani madzi, dzifunseni: ndili ndi njala, kapena ndakwiya, ndatopa, ndili ndi mantha? Pakulani m'mbale, khalani pansi ndi banja, osadyera mumphika. Chibwabwa, bondwe ndi nyemba zichuluke. A WHO amati shuga wothira asapitirire masupuni ang'ono pafupifupi 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo botolo limodzi la 500 ml la kozizira likhoza kumaliza muyeso wonsewo.

Wina ati, nanga kusala kudya si kwa Akhristu? Nkwathu ndithu, pa Lenti timasala. Koma kusala ndi pemphero, si chindapusa cha vimene munadya dzulo.

Ngati mumadya mobisa, osatha kuleka, sabata ndi sabata kwa miyezi itatu, pitani ku kiliniki mukanene momwe zilili, akupimeninso shuga ndi BP. Si kusowa chikhulupiriro. Uzaninso mnzanu mmodzi wa ku Mothers' Union kapena abambo ansembe. Eliya ankayesa kuti watsala yekha, pomwe analipo ena 7,000.

Tipemphere: Ambuye, tidyetseni pa nthawi yake, tipatseni tulo, ndipo chotilemera mumtima tichitule kwa Inu, osati m'mbale. Amen.

Malonda abwino nonse.